Kamzere kobulungira kakamazuka m'mphepete mwa thabwa

Kamzere kokongoletsa ka mamilimita 5 kamene ndinkasema ndi puleni m'mphepete mwa thabwa kankatuluka kokumbikakumbika pomwe mitsempha ya thabwa yakhota, makamaka pafupi ndi mfundo. Puleni imalowa pansi pa mitsemphayo n'kuizula.

Ndinathetsa vutoli ndi chopalira chodzipangira ndekha, ndipo kapangidwe kake ndi aka. Dulani kachidutswa ka sowo yakale, ndipo ndi tupa wobulungira semani kamphako ka theka la bwalo kukula kwa kamzereko. Nolani mbali zonse ziwiri pamwala mpaka zisalale, koma kukamwa kwake kukhale koongoka, osapendeketsa, chifukwa chitsulochi chimapala, sichidula. Chimangeni ndi masikuluwu awiri pakati pa timatabwa tiwiri todulidwa ngati L, kuti phewa lake (mwendo wa L wotsikira pansi) lizitsamira m'mphepete mwa thabwa.

Musanayambe, lembani ndi mpeni malire amkati a kamzereko pathabwa kuti mitsempha iduke. Pendeketsani chopaliracho kulowera komwe mukupita, muzipala pang'onopang'ono, uku mukukanikizira phewalo kuthabwa osati pansi. Mukalekerera phewa, chitsulo chimasochera n'kukanda pamwamba, ndipo chilemacho n'chovuta kuchotsa. Pamene pakugwira, palani chobwerera. Lekani msana wa kamzere ukangobulungira. Mukapitirira kamalowa pansi kuposa thabwa.