Momwe mungagawanirane magemu pa PS5 ziwiri osatsekeredwa ndi kaloko

Mukagula gemu pa PlayStation Store, chomwe mwalipira ndi chilolezo, ndipo chimakhala pa akaunti yanu osati m'makina. N'chifukwa chake inu ku Mbare ndi mng'ono wanu ku Mufakose, mumzinda wa Harare, mungasewere gemu ya mpira ya EA Sports FC yogula kamodzi. Koma netiweki ikagwa, mmodzi wa inu amaona kaloko pa chithunzi cha gemu ndipo siitseguka.

Sony imalola akaunti iliyonse kuyatsa Console Sharing and Offline Play pa PS5 imodzi yokha. Pa makina amenewo aliyense amasewera ndi akaunti yake, ngakhale popanda intaneti. Pa makina ena onse amasewera mwini akaunti yekha, ndipo gemu imayamba yafunsa kaye ku Sony ngati chilolezo chilipo. Funsolo silidya data yambiri, kungoti limafuna netiweki yosaduka.

Ndiye musanagwire kontirola, gwirizanani kuti wa intaneti yodalirika ndani. Ameneyo ndiye azigula magemu. Wodalira hotspot ya foni ndi kabandulo ka Econet kapena NetOne makina ake ndiwo akhale osafunsa intaneti. Ambiri amachita mosemphanitsa, kenako n'kumakangana Loweruka madzulo.

Tiyerekeze kuti wogula ndinu. Pa PS5 yanu lowani mu Settings, Users and Accounts, Other, kenako Console Sharing and Offline Play, ndipo sankhani Disable. Mukatero kwerani kombi mukalowetse nokha akaunti yanu pa makina a mng'ono wanuyo. Kutumiza pasiwedi pa WhatsApp ayi, chifukwa khadi lanu la kubanki mwina lili pa akaunti yomweyo. Tsatirani njira ija, koma apa sankhani Enable. Dawunilodani gemu kuchokera mu Game Library, ndipo poti magemu ena amaposa 50GB, chitani izi pa Wi-Fi magetsi a ZESA alipo. Ikatha, iye abwerere pa akaunti yake, koma yanu asaichotse.

Kaloko kakaonekabe intaneti ilipo, pitani mu Other momwemo musankhe Restore Licenses.

Pa PS4 dzina la Console Sharing ndi Activate as Your Primary PS4. Pa Xbox ndi My home Xbox, ndipo Microsoft imalola kusintha kasanu kokha pachaka. Nintendo mu 2025 inabweretsa Virtual Game Card, yomwe mungabwereke wa m'gulu lanu la banja kwa masiku 14.

Chenjerani ndi maakaunti odzaza magemu omwe amagulitsidwa motchipa m'tauni ndi pa Facebook. Wogulitsa amakhalabe ndi imelo ya akauntiyo, ndipo pa webusaiti ya Sony angathe kuchotsa makina onse nthawi imodzi n'kugulitsanso kwa wina. Madola anu apita, kaloko kabwerera, ndipo kokadandaula kulibe poti akauntiyo sili m'dzina lanu.