Habu yakumbuyo ya BMX ikayamba kugwedera

Anzanga okwera BMX, musadikire kuti habu, chitsulo chapakati pa tayala chomwe masipoko amamangidwapo, ichite kulira. Nyamulani njinga kumbuyo, mugwedeze tayala uku ndi uku. Mukamva kugogoda, ngati habu yanu ndi ya makoni, tizitsulo tomwe timapanikiza mabelingi pa ekiselo, mwina makoniwo amasuka.

Chotsani tayala, mumasule mbali yopanda tcheni yokha kuti ekiselo isasunthe pamalo pake. Mabelingi agwetsereni pansalu ndipo muwawerenge, chifukwa kamodzi kakagwera m'fumbi simukaonanso. Tsukani zonse ndi palafini. Koni ikakhala ndi timaenje gulani ina, girizi sangaichize. Ekiselo, yomwe kumbuyo nthawi zambiri imakhala ya 14 mm, igubuduzeni patebulo losalala. Mapegi, zitsulo zopondapo zomangidwa kumapeto kwa ekiselo, amaipinda, ndipo yopindika imadumphadumpha.

Pomanga ndiye pamene ambiri timalakwitsa. Koni imangeni ndi zala mpaka ikhudze mabelingi, muibweze pang'ono, kenako muigwire ndi sipanala yopyapyala pamene mukulimbitsa nati yotsekera. Mukathinitsa, tayala limazungulira mokhakhala ngati mwalowa mchenga, ndipo mabelingi satenga nthawi kudyeka. Ine ndimabwereza ngakhale katatu mpaka lizungulire mosalala osagwedera.

Ngati habu yanu ndi ya kaseti, yomwe ili ndi timano m'kati togwira tayala mukamapalasa, timanoto tipakeni oyilo wopepuka. Girizi wolimba amamata timanoto, mupalase pachabe pomwe mukufuna kudumpha.