Momwe mungawerengere surface area ya zinthu zofanana maonekedwe pogwiritsa ntchito scale factor

Wokhoma ndowa ku msika wa Kapata mu Chipata akauzidwa kuti apange ndowa yonga yomwe wakhoma kale koma yokulirapo, funso lake loyamba limakhala la kukula kwa lata lomwe adule, komwe m'masamu kumatchedwa surface area. Funso lomweli limabwera m'mayeso a masamu a Grade 12, ndipo ophunzira ambiri amalakwa poganiza kuti msinkhu ukawirikiza kawiri, lata nalo liwirikiza kawiri.

Choyamba, tsimikizani kuti zinthu ziwirizo n'zofananadi maonekedwe, kutanthauza kuti msinkhu, kukamwa ndi pansi pomwe zakula mofanana. Ndowa yomwe yangotalika koma kukamwa kwake kuli chimodzimodzi siilowa m'lamuloli.

Kenaka pezani scale factor, nambala yoonetsa kuti chinthu chakula kangati, pogawa muyeso wa chachikulu ndi muyeso wa malo omwewo pa chaching'ono, ndipo miyeso yonse ikhale m'masentimita kapena yonse m'mamita. Tiyerekeze kuti ndowa yaing'ono ndi yotalika masentimita 20 ndipo yaikulu ikufunika kufika masentimita 30. Mukagawa 30 ndi 20 mupeza 1.5.

Apa ndiye pagona nkhani. Nambalayi muichulukitse ndi iyo yomwe, 1.5 kuchulukitsa ndi 1.5, ndipo mupeza 2.25. Chifukwa chake n'chakuti chidutswa chilichonse cha lata chili ndi mulitali ndi mulifupi, ndipo zonse ziwiri zakula ka 1.5 nthawi imodzi. Amene akukayika atenge bokosi lomwe mbali zake zonse ndi mita imodzi: nkhope zake zisanu ndi imodzi zimakwana masikweya mita 6, koma mbali iliyonse ikafika mamita 2, nkhope iliyonse imakhala masikweya mita 4, zonse pamodzi 24, komwe ndi kuwirikiza kanayi.

Tsopano chulukitsani surface area ya chaching'ono ndi 2.25. Ngati ndowa yaing'ono inadya lata la masikweya sentimita 1,800, yaikulu idya 4,050, osati 2,700 yomwe munthu wopupuluma angalembe. Mmisiri aonjezereko pang'ono pa malo opinda ndi olumikiza, pakuti masamuwa sawerengera zimenezo.

Nthawi zina funso limayambira kumapeto. Thanki yaing'ono ikatha malita 2 a penti ndipo yaikulu yofanana nayo ikatha malita 18 itapakidwa mofanana, gawani 18 ndi 2 kuti mupeze 9, kenaka funani nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 9. Nambalayo ndi 3, choncho thanki yaikuluyo ndi yotalika katatu.

Musasokoneze lata ndi madzi olowa m'kati, chifukwa pa madzi scale factor imachulukitsidwa katatu, 1.5 ndi 1.5 ndi 1.5, zomwe zimapereka 3.375. Ndowa yaing'ono ija ikamalowa malita 8, yaikuluyo ilowa malita 27.