Musanafufute kanthu mu database, yambani ndi SELECT

Amene mukuphunzira SQL kapena mwangoyamba kugwira database ya kuntchito, kanjira aka kakupulumutsani ku mavuto ambiri. DELETE (yochotsa mizere) ndi UPDATE (yosintha mizere) sizifunsa kuti "mwatsimikiza?", zimangochita zomwe mwalemba basi, ndiye mukaiwala WHERE, mbali yosankha mizere yoti ikhudzidwe, mizere yonse ya mu tebulo imakhudzidwa, kaya ilipo 50 kaya 50,000.

Chitani chonchi. Lembani kaye SELECT (yongoonetsa mizere) ndi WHERE yomweyo imene mukufuna kugwiritsa ntchito, muone ngati mizere yatulukayo ndi imene mukufunadi kuchotsa. Zikakhala bwino lembani BEGIN, kenako DELETE yanu ija osasintha kalikonse pa WHERE. Database ikuuzani kuti yakhudza mizere ingati, nambalayo ikafanana ndi ya SELECT ija lembani COMMIT, ikasiyana lembani ROLLBACK ndipo zonse zibwerera mmene zinalili.

Nkhani ndi yakuti BEGIN imatsegula transaction (gulu la zosintha zomwe zimakhazikika kapena kubwezedwa pamodzi), ndiye zomwe mwasinthazo sizikhazikika mpaka mutalemba COMMIT. Popanda iyo mapulogalamu ambiri amakhala pa autocommit, mukangodina enter zatheka.

Koma ogwiritsa ntchito database ya MySQL chenjerani, ROLLBACK imagwira pa matebulo a mtundu wa InnoDB, a mtundu wa MyISAM ayi, komanso DROP TABLE (yochotsa tebulo lonse) ndi TRUNCATE (yochotsa mizere yonse) kumeneko sizibwezeka olo mutayamba ndi BEGIN. Database ya PostgreSQL pamenepa ndiyabwinoko, imabweza ngakhale DROP TABLE. Chinanso musasiye transaction yotsegula n'kuchokapo, mizere mwagwirayo imakhala yokhomedwa ndiye anzanu ofuna kuisintha azingodikira osadziwa chavuta n'chani.