Airbrush yanu sinafe, yangouma penti: katsukidwe kake nkotere

Abale anga, ma airbrush (timfuti topopera penti ndi mpweya) ambiri omwe anzanga amandibweretsera kuno ku Highfield ati afa, ndikatsegula ndimapeza penti yangouma mkati basi, kapena mwiniwake anapinda singano ya mkati mwake potsuka mwankhanza. Ine ndimapenta timagalimoto ta pulasitiki, nthawi zina ma T-shirt, ndipo zimandiwawa kuona chida chodula chonchi chikuponyedwa mu dilowa chifukwa cha mphindi 5 zomwe munthu anachita nazo ulesi.

Yambani mwadziwa penti yomwe mwagwiritsa ntchito. Ya acrylic imachoka ndi madzi ndi airbrush cleaner, ikamakanirira onjezani isopropyl alcohol pang'ono. Enamel imafuna white spirit, lacquer imafuna thina (mankhwala osungunulira penti) wake wa lacquer, ndipo mukamapopera zimenezi tsegulani mawindo muvale masiki. Mankhwala opukutira magalasi okhala ndi ammonia aja asiyeni, amadya chrome wa mkati mwa kakapu kothiramo penti pang'onopang'ono mpaka chitsulo chachikasu chija kuonekera. Inu azimayi openta makeke, yanu ikhale ya makeke okhaokha, madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale basi, thina asayandikireko.

Mukamasintha mtundu wa penti simufunika kumasula kalikonse. Khuthulani yotsala, pukutani kakapu ndi tishu, thiranimo chotsukira nkupopera mu chitini chovundikira. Kenako tsekani kutsogolo ndi chala chokulunga kansalu, kachivindikiro ka singano kali pomwepo kuti isakubayeni, dinani kabatani nkukakokera kumbuyo pang'ono, mpweya ubwerera mukakapu nkuyamba kubwata ngati phala lili pamoto, ndiye penti yobisala ija ikutuluka. Madzi akudawo atayeni osawapoperanso, bwerezani mpaka otuluka akhale oyera.

Pomaliza ntchito ndi pomwe pamafunika dzanja lofatsa. Yalani thaulo loyera patebulo kaye chifukwa kanozo, kaja kotulukira penti kutsogolo, ndi kakang'ono ngati njere ya mpunga, kakagwera pa simenti simukaonanso, ndipo ka ma airbrush a Iwata kapena Badger kupezeka mutauni muno nkovuta, ambiri timachita kutumiza munthu wopita ku Johannesburg. Chotsani chogwirira chakumbuyo, masulani kanati kogwira singano, isololeni mowongoka. Poipukuta yambirani kumbuyo kupita kunsonga, osabwerera ayi, nsonga ija ikangopindika penti imayamba kuthawira mbali imodzi.

Kanozo kamasuleni nkukaviika mu kabotolo ka chotsukira mphindi 10 kapena 15. Bowo lake ndi 0.3 mm pa ma airbrush ambiri, ena 0.2 ena 0.5, ndiye taganizani munthu kulowetsamo phini kapena waya! Chitsulo chake nchofewa chimang'ambika, ndipo chikang'ambika palibe kukonza. Ine ndimapotokola kapepala kukhala kosongoka nkumazungulizamo mofatsa, njira ya penti yochokera mukakapu ndimatsuka ndi timaburashi totsukira pakati pa mano tija ta ku famase. Pobwezeretsa mangani pang'ono chabe, kakangogwira siyani, anthu ambiri amathyola mazinga ake pofuna kulimbitsa. Singano ikankheni mpaka ingokhudza kanozo, musakakamize, kenako mangani kanati.

Airbrush yonse musaimize mu thina, timaraba ta mkati timafufuma ndipo kabatani kamayamba kukakamira. Mafuta ake ndi kadontho kamodzi ka airbrush lube pa singano, osati WD-40 kapena mafuta ophikira, amenewo amasakanikirana ndi penti nkukuonongerani ntchito.

Mukamanga yesani ndi madzi, mphamvu ya mpweya pa kompresa ili pa 20 PSI. Mukaona thovu mukakapu musanatseke kutsogolo ndiye kuti kanozo sikanakhale bwino kapena kang'ambika.

Nyengo yathu nayo ili ndi zake. September ndi October kukatentha mpweya uli gwa, acrylic imaumira pansonga pa singano muli mkati mopenta, khalani ndi kathonje konyowa pafupi muzitsinira nako nsongayo pafupipafupi, ndipo mukamaliza bwezerani chidacho mu bokosi lake chifukwa cha fumbi. Mvula ikayamba mu November mpaka March vuto limakhala chinyezi, kompresa imalavula madzi pantchito yanu, ndiye tsegulani moisture trap (kabotolo kotchera madzi pa kompresa) musanayambe komanso khuthulani madzi a mu thanki. Madzi a pa borehole ena amasiya zoyerayera zikauma, kutsukuluza komaliza ine ndimagwiritsa distilled water ya mabatire a galimoto ija, onetsetsani kuti ndi madzi okhaokha osati asidi.

Magetsi akazima muli ndi penti mukakapu, mpweya wotsala mu thanki musamalizire kupenta, khuthulani penti msanga muupopere ndi chotsukira. Ngati kompresa yanu ilibe thanki khuthulani penti, sololani singano pompo muipukute nkuibwezera, mukakapu muthiremo chotsukira musiye choncho mpaka magetsi abwere.