Akakubweretserani zosapsa pa lesitilanti yodula, musangolipira nkumapita

Pa 15 October, tsiku la anakubala, ndinawatenga mayi anga omwe anabwera kuchokera ku Ntcheu nkupita nawo pa lesitilanti ina yodula mu Lilongwe muno, ya matebulo oyala nsalu zoyera zija. Ndalama yake ndinachita kusunga mwezi wathunthu. Mayi anaitanitsa chambo ndi nsima, ine nkhuku ndi tchipisi. Tinadikira ola ndi theka mpaka Fanta ya mayi inafunda, nde chambo chija chitabwera kunja chinali chopserera koma mayi atang'amba pafupi ndi munga wapamsana mnofu wake unali wonyezimira, wozizira, kafungo nkumatuluka kosonyeza kuti nsombayi yagona masiku ambiri. Ndinati ndiitane weita, mayi anandigwira dzanja pansi pa tebulo amvekere "zisiye mwana wanga, tisachite manyazi pagulu." Anadya nsima ija ndi timasamba tapambali basi. Ndinalipira bilu yonse ndipo mpaka lero zimandiwawa mumtima.

Ife tinaleredwa kuti chakudya sanyoza, ndipo ndi mwambo wabwino pakhomo pa munthu amene wakuphikira mwachikondi. Koma pa lesitilanti simunapite kukacheza ayi, mwagula, ndalama yanu yokhetsera thukuta ili pa mbale imeneyo. Nde kuchokera tsiku limene lija ndinaphunzira kachitidwe kake, kopanda phokoso komanso kopanda kunyozetsa munthu.

Zimayamba musanakhale nkomwe pa mpando. Masiku ngati a anakubala, Khirisimasi kapena 14 February malo amenewa amadzadza kuposa mmene khitchini yawo ingakwanitsire, nde ngati mukufunabe kupita tsiku lotero imbani foni musungitse malo, mufike msanga anthu asanathithikane. Onaninso zomwe anthu alemba pa Facebook kapena Google Maps koma muziwerenga za miyezi yaposachedwa, chifukwa shefu akachoka malo amasintha sabata imodzi yokha ngakhale dzina likhale lomwelo. Za mitengo musadalire menyu ya pa intaneti, chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 mitengo yakhala ikungosinthasintha, malo ena mpaka amachita kumata timapepala pa mitengo yakale.

Mukafika pitani kaye mukasambe mmanja. Ine ndimachita dala zimenezi kuti ndione kuchimbudzi, ngati kulibe sopo, mpope sukutuluka madzi, pansi pali ponyowa ponunkha, dziwani kuti ophika aja akusambanso mmanja momwemo kapena sakusamba nkomwe. Tisaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023 ija yomwe inatenga anthu oposa 1,700 mdziko muno. Malo otero saladi wosaphika ndi ayisi wa mu zakumwa musiyeni, kapena ingonyamukani, simunaitanitse kanthu palibe amene angakugwireni.

Tsopano pa kuitanitsa, apa mpomwe ambiri timalakwitsa chifukwa timaopa kuoneka ngati achimidzimidzi tikafunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani kuti zomwe zili pa menyuzi zilipo zonse? Chambochi chabwera liti, nchatsopano kapena chamufiliji? Chitenga nthawi yaitali bwanji? Mtengowu msonkho uli momwemo kale kapena muonjezera pa bilu? Weita wabwino amayankha mosavuta, ena mpaka amakunong'onezani kuti "bwana lero tengani nkhuku, nsomba isiyeni", ndipo akatero mverani. Ndimakayikiranso menyu yaitali ngati buku, ya pizza, chambo, zachi China, zachi India zonse khitchini imodzi, chifukwa zambiri mwa zimenezo zimakhala zogonera mufiliji kudikira tsiku lomwe wina adzaitanitse, nde ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno nyama imasungunuka nkuumanso, kusungunuka nkuumanso, ngati jenereta yawo sayatsa nthawi zonse. Mukamaliza muuzeni weita abwereze oda yanu mukumva, kenako yang'anani nthawi pa foni.

Akati mphindi 30, zikadutsa ndi mphindi 15 zina funsani kamodzi mwaulemu. Akakuuzani kuti "zikubwera bwana" nkudutsanso nthawi ina popanda kanthu musafunsenso weita yemweyo kachitatu, nenani kuti mukufuna a manejala. Ndipo ngati mwatopa mutha kuimitsa oda, kulipira zakumwa zomwe mwamwa nkumapita, bola muwauze momveka kuti odayo mwaimitsa.

Mbale ikafika musathamangire kuthira tsabola ndi mchere. Tengani mpeni mudule pamene pali mnofu wochindikala. Nkhuku muidule pafupi ndi fupa la ntchafu, ngati mnofu uli woterera ngati waiwisi ndipo mukutuluka madzi ofiira, sinapse, ndipo nkhuku yosapsa si nkhani ya kukoma chabe, imatsegula mmimba koopsa. Chambo chakupsa bwino mnofu wake umayera, umachoka pa minga wokha mosavuta. Chikakhala chophwanyika ngati phala komanso cha fungo lolasa mphuno, chimenecho nchakale, ndipo kuchibwezera pamoto sikungachikonze. Mpunga nawo ununkhizeni, ukamamveka kusasa kapena kunanda ndiye kuti unaphikidwa kalekale nkungokhala pofunda, ndipo tizilombo tina ta mu mpunga wotere timasiya poizoni woti ngakhale autenthetsenso sachoka. Tchipisi chakuda chowawira kukhosi ndi mafuta okazingira mobwerezabwereza.

Mukaona vuto siyani kudya pomwepo. Apa ndikutsindika chifukwa ndaonapo anthu akudya mbale mpaka kutsala mafupa kenako nkumati chakudya sichinali bwino sindilipira, manejala aliyense akukanirani ndipo sakhala akulakwa. Kulawa kamodzi kapena kawiri, ikani foloko pansi, jambulani chithunzi pomwe mwadula paja, itanani weita.

Mawu ake savuta. "Achimwene pepani, tabwerani pang'ono. Nkhukuyi mkatimu sinapse, taonani apa." Kapena "Achemwali, nsombayi ikumveka fungo, sinditha kudya, mungandiitanireko a manejala?" Basi. Osaimirira, osamenya tebulo, osayamba zoti mukundidziwa kuti ndine ndani. Mtsikana kapena mnyamata amene wakubweretserani mbaleyo si amene waphika, waima chiimire kuyambira mmawa pa malipiro ochepa, mwina mbale imodzi yomwe mwaitanitsayo ikuposa zomwe amalandira pa masiku angapo, ndipo mmalo ena mbale ikabwezedwa amamudula iyeyo pa malipiro. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nchifukwa chake ine ndimafuna manejala, ndipo akabwera ndimayamba ndi kunena kuti mlongoyu watithandiza bwino, vuto lili kukhitchini, kuti asakamukalipire kuseri ife titapita.

Manejala asanafike ganizani kuti mukufuna chani, chifukwa mukangodandaula osanena chomwe mukufuna amangoti "pepani bwana" nkukusiyani ndi mbale yomweyo. Ngati chakudya sichinapse nenani kuti akuphikireni china, osati kukaponya chomwecho mu microwave nkuchibweza chitauma ngati chikopa. Ngati chinali choonongeka musalole mtundu womwewo chifukwa nsomba inayo ichokera mufiliji yomweyo, sankhani zina kapena nenani kuti achichotse pa bilu. Mukapeza mphemvu, ntchentche kapena tsitsi, ine pamenepo njala imatheratu, ndimangoti chotsani pa bilu ndipo sindiitanitsanso kanthu. Ena amathamangira kukupatsani chakumwa chaulere kuti nkhani ithe, mutha kulandira koma chisalowe mmalo mwa mbale yomwe simunadye. Komanso tichite chilungamo, ngati munali anthu asanu ndipo anayi adya bwino, musaumirire kuti bilu yonse ifafanizidwe, nkhani ndi ya mbale imodzi ija.

Pali china chomwe ambiri chimatipweteka koma sitinena. Mwafika poyamba, mwakhala, palibe akubwera, kenako alowa azungu kapena wina wa galimoto yaikulu nde mawetala atatu onse kuthamangira komweko. Zimachitika, mmalo ena a kunyanja ndi mtauni momwe. Musangokhala nkumatukwanira mumtima, itanani manejala mumuuze mosapsatira kuti "takhala pano mphindi 20 palibe watifunsa, tebulo ilo lafika pambuyo pathu lalandira kale zakumwa, chifukwa chake nchani?" Mukatchula nthawi ndi tebulo sakhala ndi pothawira, ndipo mwina mwathandiza Mmalawi mnzanu amene abwere mawa.

Bilu ikabwera iwerengeni mzere ndi mzere ngakhale amene mwabwera nayeyo akuyang'ana, palibe chamanyazi. Onani ngati sanaonjezere zakumwa zomwe simunamwe, ngati mitengo ikufanana ndi ya pa menyu, ngati mbale yobwezedwa ija yachotsedwadi. Pansi pake mumapezeka VAT, malo ena tourism levy (msonkho wa zokopa alendo), enanso service charge (ndalama yoonjezera yolipirira kukutumikirani), nde ngati anakuuzani kuti msonkho uli kale mu mtengo usaonekenso kachiwiri. Service charge yoti sinalembedwe pa menyu ndipo sanakuuzeni, funsani kuti yachokera kuti. Ngati akudulani VAT akupatseni risiti yovomerezeka ndi bungwe lotolera misonkho la MRA osati kapepala kolemba pamanja, ndipo mukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba uthenga uja musaufufute. Tipi si yokakamiza. Weita akakhala kuti anayesetsa ngakhale khitchini yatikhumudwitsa, ine ndimamupatsira mmanja mwake.

Nanga manejala akakana, nkumati chakudya chathu chimakhala choncho? Musatuluke mothawa osalipira, mudzasanduka olakwa ndinu, akuitanirani alonda kapena apolisi nkhani nkukhala ina. Nenani kuti mulipira zomwe mwadya, akaumirirabe lipirani, tengani risiti, lembani dzina la manejalayo ndi nthawi, chithunzi muli nacho kale. Mawa lake kadandauleni. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, limalandira madandaulo a ogula pa zinthu ngati kukulipiritsani mtengo wosiyana ndi womwe analemba kapena kukugulitsani zosayenera. Kulinso CAMA, bungwe loimira ogula lija timalidziwa ndi a John Kapito. Ikakhala nkhani ya uve kapena chakudya choola, a Malawi Bureau of Standards komanso a zaumoyo ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma lanu ndi amene amayendera malo odyera ndipo ali ndi mphamvu yotseka. Polemba dandaulo musachulutse mkwiyo, lembani tsiku, nthawi, chomwe munaitanitsa, chomwe munapeza, zomwe manejala anayankha, muphatikize risiti ndi zithunzi.

Mukafika kunyumba nkuyamba kusanza kapena kutsegula mmimba, yambani kumwa Thanzi ORS msanga, ndipo ngati mukutuluka magazi, thupi latentha, kapena mukutsegula zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, thamangani kuchipatala usiku womwewo osadikira kuche, makamaka akakhala mwana, mayi woyembekezera kapena wachikulire. Zomwe adokotala alemba mu buku lanu la kuchipatala zisungeni, afunseninso anzanu omwe munadya nawo ngati nawonso akumva chimodzimodzi.

Za pa Facebook ndingoti lembani zomwe zinachitika zokhazokha, zomwe muli nazo umboni, osaonjezera mchere, ndipo nkhope ya weita musaiike. Ngati malowo anapepesa nkukonza, zimenezonso muzilembe.

Patatha miyezi ingapo mayi anabweranso ku Lilongwe kudzaonana ndi adokotala a maso, nde ndinawatengera pamalo ena. Ndinafunsa za chambo, mnyamata wake anati chabwera mmawa womwewo kuchokera ku Salima. Chitabwera ndinadula pamsana paja ndinapeza mkati simunapse bwinobwino. Mayi anayambanso kundigwira dzanja koma ndinawauza kuti "amayi dikirani, sindikangana ndi munthu." Ndinamuitana mnyamata uja chapansipansi nkumuonetsa, anapita nayo mbale, manejala anabwera yekha kudzapepesa kwa mayi atagwira mmanja, ndipo pasanathe mphindi 20 kunabwera chambo china chikutuluka nthunzi. A tebulo loyandikana nalo sanadziwe nkomwe kuti pachitika kanthu. Mayi anasamba mmanja, anadya chambo chija mpaka mutu omwe.