Momwe mungalekere kuzengereza n'kuyamba kuwerengadi mayeso asanafike

Wophunzira wa Fomu 4 waweruka kusukulu, wadya nsima, wakhala pansi ndi buku la Masamu. Asanalitsegule wakumbukira kuti yunifolomu ndi yakuda. Wachapa, wayanika, kenako watenga foni kuti angoona uthenga umodzi pa WhatsApp. Ikamakwana 9 koloko usiku maso alemera, ndiye akudzilimbitsa mtima kuti "ndiyamba Lolemba." Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo a MANEB sasuntha tsiku la mayeso chifukwa choti wina sanakonzeke.

Ambiri amati umenewu ndi ulesi, koma ine sindivomereza. Mwana amene wachapa, wasesa ndi kutsuka mbale si waulesi ayi. Akuthawa phunziro limene likumuopsa, kapena limene sakudziwa poyambira pake. N'chifukwa chake kumukalipira, kapena iye kudzinyoza yekha, sikusintha kanthu. Chimene chimathandiza n'kuichepetsa ntchitoyo mpaka isaopsenso, ndipo njira yake ndi iyi.

Choyamba, dziwani chimene mukuthawa. Tengani silabasi, kapena tsamba la zam'katimu la buku lililonse, n'kuyika chizindikiro pa mutu uliwonse: umene mukuudziwa, umene mukuudziwa mwa apo ndi apo, ndi umene simuudziwa n'komwe. Musadzinyengerere. Ambiri amathera teremu yonse pa phunziro limene amalikonda kale chifukwa limawasangalatsa, n'kusiya limene lidzawagwetse. Kumbukirani kuti mapointi a MSCE amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwakhoza bwino, ndipo kuti mupikisane nawo pa malo a m'mayunivesite a boma monga UNIMA, MUBAS, LUANAR kapena MZUNI mufunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Phunziro limodzi lonyalanyazidwa likhoza kukutsekerani khomo.

Chachiwiri, dulani ntchitoyo m'zidutswa. Waganyu sadandaula ndi kukula kwa munda wonse, amangofunsa pamene ndime yake yalekezera. "Lero ndiwerenga Bayoloje" ndi munda wonse, ndipo mtima umafooka musanayambe. Lembani chonchi: "ndijambula mtima wa munthu, ndilembe mayina a zipinda zake zinayi ndi mmene magazi amayendera." Imeneyo ndi ntchito yooneka poyambira ndi pothera. Muiphatikizenso ndi nthawi ndi malo: "ndikangobwera kumjigo, ndikhala pakhonde n'kuwerengera masamu asanu." Katswiri wa kaganizidwe ka anthu Peter Gollwitzer adaonetsa kuti amene anenereratu nthawi ndi malo ochitira chinthu amachichitadi kawirikawiri kuposa amene angoti adzachita.

Chachitatu, dziikireni nthawi yaifupi. Francesco Cirillo wa ku Italy, ali wophunzira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ankatchera kawotchi ka kukhitchini kuti adzikakamize kukhala pa buku. Njira yake ndi imene lero imatchedwa Pomodoro: kuwerenga mphindi 25, kupuma mphindi 5, n'kuyambanso. Ngati 25 zikukuchulukirani, yambani ndi 10, chifukwa chovuta n'kuyamba. Koma foni isakhale pathebulo. Ngakhale mutazimitsa data, dzanja limangopita lokha. Isiyeni m'chipinda china kapena apatseni amayi aisunge, inu muziyang'ana wotchi yapakhoma.

Chachinayi, ndipo apa ndiye pagona nkhani: tsekani buku. Ophunzira ambiri akati akuwerenga amatanthauza kuyendetsa maso pa manotsi omwewo kangapo, kudula mizere ndi bolopeni yofiira, mpaka tsambalo lizioneka lodziwika. Kulizolowera tsamba si kulidziwa. M'chipinda cha mayeso kope mulibe, ndipo mpamene munthu amaluma bolopeni akukumbukira kuti yankho linali kumunsi kwa tsamba lakumanzere, koma mawu ake osatuluka.

Ndiye mukawerenga mutu umodzi, tembenuzani bukulo, tengani pepala loyera, lembani zonse zimene zatsala m'mutu. Kenako tsegulani muone zimene mwaphonya. Zimawawa, chifukwa poyamba pepalalo limakhala ndi mizere iwiri kapena itatu yokha, koma kuvutikira kukumbukira kumeneko n'kumene kumakhazikitsa zinthu m'mutu. Mu 2006, akatswiri a kaganizidwe ka anthu Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke adapeza kuti patatha sabata, ophunzira amene adadziyesa okha ankakumbukira zambiri kuposa amene adangobwereza kuwerenga. Mapepala a mayeso akale a MANEB ndi chida chabwino kwambiri pa ntchito imeneyi, bola muwalembe ngati mayeso enieni: wotchi pambali, osasuzumira mayankho. Funso lililonse limene mwalakwa likopereni m'kope lapadera, ndipo kope limenelo likhale loyamba kulitsegula Loweruka lililonse. Mukakhala pagulu, musamangomvetsera mnzanu wanzeru uja akufotokoza. Imirirani inuyo, fotokozani mmene chomera chimapangira chakudya chake m'Chichewa chenicheni, ngati mukuuza mng'ono wanu wa Sitandade 6. Pamene mwakakamira mpamene simunamvetse.

Chachisanu, bwererani pa zimene mwawerenga zisanazilale. Katswiri wina wa kaganizidwe ka anthu, Hermann Ebbinghaus, adalemba kale mu 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira. Mutu wa lero muubwereze mawa kwa mphindi zochepa, kenako pakatha masiku atatu, kenakonso pakatha sabata.

Chachisanu ndi chimodzi chikukhudza pakhomo, ndipo chimandikhudza mtima. Mwana wa kusekondale yogonera ali ndi belu la pulepu limene limamukhazika pansi. Wa ku CDSS amayenda mtunda wautali, akafika kwawo kukumudikira nkhuni, kuchigayo ndi mwana woti amulere, makamaka akakhala mtsikana. Ameneyu tikamuuza kuti apange ndandanda ya maola anayi tsiku lililonse tikumunamiza. Khalani pansi ndi makolo mwaulemu, apempheni ola limodzi lodziwika limene sadzakutumani, inu n'kulonjeza kumaliza ntchito zanu nthawiyo isanakwane. Ngati magetsi amazimazima kapena kwanu kulibe, musadalire usiku: tsalirani m'kalasi ola limodzi anzanu akaweruka, kapena dzukani kukangoyera. Amene muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service, Loweruka m'mawa pitani kumeneko. Nanu makolo, mwana akakhala ndi buku pa ola limene mwagwirizana, mchere ukagulidwe ndi wina.

Za kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, zisiyeni. Wachinyamata amafunika kugona maola osachepera 8, ndipo ubongo umasunga bwino zimene waphunzira munthu akagona mokwanira. Kuchezera usiku wonse mayeso ali mawa kumangokupatsani mutu waching'alang'ala.

Tsiku lina mudzalephera ndithu, mwina kwagwa maliro, mwina mwadwala malungo, mwinanso mtima wangokana. Musadzilipiritse powirikiza maola mawa lake, chifukwa ntchito ikakulanso mudzayambanso kuithawa. Tengani kachidutswa kamene kanatsala dzulo, tcherani mphindi 10, yambirani pomwepo. Koma ngati papita masabata mukulephera kugona, kudya kapena kuika maganizo pa chilichonse, kapena chikukusowetsani mtendere ndi fizi kapena njala, ndandanda siingathetse zimenezo. Kauzeni aphunzitsi amene mumawakhulupirira kapena wachibale wamkulu sabata yomweyo.